ZA UMOYO: Mtengo wouma uteteza ku magetsi, wonyowa upha

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu a m'boma la Chama analira magetsi kwa zaka zambiri. Pamene matauni ena anali atalumikizidwa kale ku nthambo zikuluzikulu za ZESCO, mbali ya kumpoto kwa cigawo cino ca Kum'mawa inatsalira m'mbuyo, kotero kuti ngakhale Lundazi anali kudalira magetsi ogula ku Malawi. Tsopano nthambo ya mavolti 132,000 yocokera ku Chipata inapyola ku Lundazi nifika ku Chama. Kuwonjezera apo, nyumba zambiri zili ndi sola, mabatire ndi majenereta. Zigayo zilira, ometa tsitsi ndi owocherera zitsulo apeza ya ndiwo, ana awerenga usiku, ndipo katemera asungika bwino m'mafiriji a ku cipatala. Imeneyi ndiyo mvula. Matope ake ndi akuti m'nyumba mwalowa mlendo amene saoneka, sanunkha, ndipo sacenjeza asanapweteke munthu.

Mwana aliyense wa ku pulaimale aphunzira kuti zinthu zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la zinthu zimene magetsi apitamo, monga citsulo ndi mkuwa. Gulu laciwiri ndi la zinthu zimene ziletsa magetsi, monga mtengo, pulasitiki ndi mphira. Phunziro limeneli ndi loona pa bolodi, koma ndi theka cabe la coonadi, ndipo theka limeneli likupereka cidaliro cabodza m'makomboni. Tsamba lino likuti: cinthu siciteteza munthu cifukwa ca dzina lake ai. Citeteza pokhapo ngati ciri couma, cosang'aluka ndiponso cocindikala mokwanira. Banja limene silidziwa zimenezi liri pa ngozi, kaya likhala ku Chama boma, ku Lundazi, kapena ku Kapata ndi ku Mchini mu Chipata.

MAGETSI AFUNA NJIRA YOPITA PANSI

Alimi a mpunga a ku Chama adziwa kuti madzi satsata cifuniro ca mwini munda. Atsata potsetsereka, ndipo akapeza kamng'alu pa mzere apyola pomwepo. Magetsi nawonso ali conco. Nthambo imodzi ya pa thiransifoma imalumikizidwa ku nthaka, conco magetsi a mu waya wamoto nthawi zonse afunafuna njira yobwerera pansi. Njira ikapezeka, sasankha ngati ndi waya, mpopi wa madzi kapena thupi la mwana.

Ndiye cifukwa cake mbalame itera pa nthambo osafa. Mapazi ake onse ali pa waya umodzi, siikhudza nthaka kapena waya wina, motero magetsi alibe kopyolera. Koma munthu woima pansi wopanda nsapato akagwira waya womwewo, iye mwini ndiye asanduka njira. Funso lofunika pa cinthu ciriconse ca m'nyumba ndi ili: kodi cimeneci cingatsegulire magetsi njira yopita pansi kupyolera mwa munthu?

ZINTHU ZIMENE MAGETSI APITAMO

Zitsulo zonse zipititsa magetsi. Mkuwa, cuma ca dziko lino, ndiwo uli m'kati mwa nthambo za m'nyumba, ndipo kampani ya ZAMEFA ku Luanshya ipanga nthambo zoterezi. Aluminiyamu, amene apangira mapoto ambiri, ndiyenso ali mu nthambo za pa mapolo. Koma zitsulo zimene zivulaza anthu kawirikawiri ndi zija zimene palibe aziganizira: malata a denga, mafelemu a zitseko ndi mawindo, zitsulo zochingira akawalala, bedi lacitsulo, mpanda wa waya, mipopi ya madzi, ndi waya woyanikira zovala.

Ngozi yake imayamba mwakacetecete. Nthambo yopita ku kanyumba ka kuseri aipititsa pansi pa lata. Mphepo igwedeza lata, dzuwa lifewetsa pulasitiki, ndipo mphepete yakuthwa ya lata idula pang'onopang'ono kufikira ikhudza mkuwa. Kuyambira tsiku limenelo denga lonse liri ndi moto, koma palibe cioneka. Ngati waya woyanikira zovala unamangidwa ku msomali wa denga lomwelo, mai amene abwera ndi citenge conyowa, manja onyowa, mapazi pa dothi lonyowa, ndiye amaliza njira imene magetsi anali kuyembekezera.

Madzi ndi mdani waciwiri. Madzi oyera kotheratu, opanda kanthu kosungunukamo, sapititsa magetsi kwenikweni, koma madzi otere sapezeka pa nyumba. Madzi a pa mpopi, a pa citsime, a pa mjigo ndi a mu Luangwa ali ndi mcere wa m'nthaka wosungunuka, ndipo umenewu ndiwo unyamula magetsi. Madzi a sopo, thukuta ndi mkodzo wa mwana zipititsa koposa. Nthaka yonyowa ipititsa. Pansi pa simenti, ngakhale paoneke pouma, pamasunga cinyontho, conco munthu woima pa simenti wopanda nsapato ali ngati woima pa dothi.

Mtengo wauwisi nawo upititsa magetsi cifukwa ca madzi a m'kati mwake. Mango apsa nthawi imene mvula iyamba, ndipo nthawi yomweyo ana athyola mango ndi nsungwi zazitali kapena kukwera m'mitengo imene nthambi zake zafika ku nthambo. Nsungwi yaiwisi kapena yobvumbwa ndi mvula siisiyana kwenikweni ndi mpopi wacitsulo ikakhudza nthambo ya pa polo. N'cimodzimodzi ndi mtengo wokwezera eriyo ya wailesi yakanema kapena makwerero.

ZINTHU ZIMENE ZILETSA MAGETSI

Pulasitiki, mphira, galasi, zadothi zowocha zonga makapu a tiyi, mtengo wouma, nsalu youma, pepala louma ndi mpweya ziletsa magetsi. Ndiye cifukwa cake nthambo aikuta ndi pulasitiki, ndipo pa mapolo pali timbale tagalasi kapena tadothi tolekanitsa waya ndi polo. Koma ciriconse mwa izi ciri ndi malire ake.

Mtengo wouma uletsa, koma mpini wa khasu wogona pa mame, mthiko wongocoka mu mphika, kapena thabwa la m'bafa siziletsa. Nsalu youma iletsa, koma thaulo lonyowa lipititsa. Pulasitiki ya pa nthambo iletsa ikali yatsopano, koma dzuwa la m'cigwa ca Luangwa liiumitsa kufikira ing'aluka, makoswe aidya, ndipo kutentha kwa sitovu kuisungunula. Soketi kapena pulagi imene yapsa nkuda siyeneranso kudaliridwa, pakuti pulasitiki yopserera yasanduka khala, ndipo khala lipititsa magetsi.

Anthu ambiri akhulupirira patapata. Zoona, patapata watsopano, wouma ndi wocindikala athandizako pang'ono. Koma patapata wa tsiku ndi tsiku ndi wakutha ku cidendene, wabooledwa ndi minga, wanyowa ndi madzi ocapira, ndipo kambiri lamba wake anamangidwa ndi kawaya kapena kamsomali kopyola pansi. Kamsomali kameneko kalumikiza phazi ndi nthaka. Nsapato zosokedwa ndi matayala a galimoto nazonso n'zosadalirika, cifukwa matayala ambiri ali ndi mawaya acitsulo m'kati. Magolovesi ocapira mbale kapena a ku cipatala ndi opyapyala, sanapangidwire magetsi.

Ndipo malire aakulu koposa ndi awa: zonsezi zinena za magetsi a m'nyumba, a mavolti 230. Nthambo za pa mapolo zopita ku thiransifoma zinyamula mavolti 11,000 kapena 33,000. Mphamvu yotere ilumpha mu mpweya munthu asanakhudze n'komwe. Palibe mtengo, jombo kapena pulasitiki ya pa nyumba imene ingacinjirize munthu ku nthambo zimenezi.

THUPI LA MUNTHU NDI MADZI A MCERE

Cifukwa ciani nkhani iyi iri pa tsamba la umoyo? Cifukwa cinthu cimodzi copititsa magetsi cimene cipezeka m'nyumba iriyonse ndi thupi la munthu. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a thupi la munthu wamkulu ndi madzi, ndipo madziwo ali ndi mcere. Mpanda wokha umene thupi liri nawo ndi khungu. Khungu louma ndi lokhakhala lichinga kwambiri. Khungu lonyowa lingachinge mocepa kuwirikiza ka 100. Ndiye cifukwa cake ketulo imene dzulo inangonyerenyetsa cala, lero ingagwetse munthu amene wangocoka kosamba. M'mwezi wa October, pamene ku cigwa kutentha ndipo aliyense ali thukuta kamukamu, khungu louma ndi losowa.

Kuculuka kwa magetsi oyenda mu cinthu amakuyesa ndi ma ampu, ndipo ampu imodzi iri ndi mamiliampu 1,000. Mamiliampu 10 kufika 20 akwanira kuumitsa minofu ya dzanja kotero kuti munthu alephera kutaya cimene wagwira. Uku ndiko anthu amati magetsi amugwira. Mamiliampu 50 kufika 100 akapyola pa cifuwa angasokoneze kagundidwe ka mtima, mtima nungonjenjemera osapopa magazi. Babu lakale la mawati 60 likoka mamiliampu pafupifupi 260. Ndiye kuti magetsi oyatsa babu limodzi cabe aposa amene angaphe munthu wamkulu.

Apa mpamene ambiri anyengeka ndi fyuzi. Fyuzi ya mu pulagi ya mano atatu kawirikawiri imaduka pokhapo magetsi akaposa ma ampu 13, ndiwo mamiliampu 13,000. Nchito yake ndi kuteteza nthambo kuti isapse, osati kuteteza mtima wa munthu. Zoteteza munthu ndi ziwiri. Coyamba ndi waya wa earth, wobiriwira kapena wobiriwira ndi cikasu, umene upatsa magetsi othawa njira yacidule yopita pansi m'malo mopyola mwa munthu. Caciwiri ndi swichi ya earth leakage ya pa bokosi la magetsi, imene izima yokha pakangothawa mamiliampu 30. Nyumba imene iribe ziwirizi idalira mwai cabe.

ZIZOLOWEZI ZOFUNIKA KULEKA

Pali macenjera ena a m'komboni amene anthu awatama, koma ndi misampha. Kulowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi ndi kuwapanikiza ndi macisa. Kumanga polumikiza nthambo ndi pepala la pulasitiki la shuga kapena kansalu. Kuika msomali, kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi. Kudula dzino lacitatu la pulagi, lomwe ndilo la earth. Kuponya elementi yosakutidwa mu ndowa ndi kupima madzi ndi cala. Kukwirira nthambo wamba m'dothi kupita kwa aneba, pamene ana aseweretsa matope. Kugwira foni iri pa chaja yong'aluka ndi manja onyowa. Ndipo ciriconse cimene cinyerenyetsa cikagwidwa, kaya ndi firiji, nsimbi, mpopi kapena citseko, cayamba kale kucenjeza. Cizimitsidwe tsiku lomwelo, osati kucigwira ndi nsalu ndi kupitiriza.

Ena adzati kulankhula n'kosabvuta, koma ndalama ya munthu wodziwa magetsi ndi nthambo zabwino icoke kuti pamene unga wakwera mtengo? Funso limeneli ndi loona ndipo siliyenera kunyozedwa. Koma pulagi yatsopano, fyuzi yoyenera ndi tepi ya magetsi ndi zochipa kuposa ulendo umodzi wa ku cipatala. Munthu wopsa kwambiri ku Chama angafunike kutumizidwa ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo nthawi ya dzinja ulendowo ndi wobvuta. Kuwonjezera apo, zoteteza zambiri sizifuna ngwee ndi imodzi yomwe: kupukuta manja, kubvala nsapato zouma ponsimba, kumangirira waya wa zovala ku mitengo iwiri yapayokha osati ku denga, kukweza nthambo pamene mwana wokwawa sangafike, ndi kuonetsa aliyense m'nyumba pamene pali swichi yaikulu.

Enanso adzati imfa ikafika yafika, kapena kuti munthu wamenyedwa ndi magetsi cifukwa wina anamulodza. Maganizo otere asiya waya wong'aluka uja pamalo pake kudikira munthu waciwiri. Pa maliro anthu angakambe zambiri, koma wina apite akaone denga, soketi ndi nthambo.

Cinanso ndi kuzimazima kwa magetsi. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo madera ambiri a dziko lino anakhala maola oculuka pa tsiku opanda malaiti. Nthawi zotere anthu azolowera kuyesa waya uliwonse wakufa. Akonza soketi, akwera pa denga, asiya sitovu ndi nsimbi zoyatsa, poti malaiti apita. Koma malaiti sagogoda pobwera. Ndiponso jenereta kapena inveta yolumikizidwa molakwika ingabweze moto mu nthambo za nyumba ndi za panja. Batire ya sola ya mavolti 12 siigwira munthu, koma inveta iisandutsa mavolti 230, ofanana ndi a ZESCO. Waya uliwonse uyesedwe wamoto kufikira swichi yaikulu itazimitsidwa.

MUNTHU AKAGWIDWA NDI MAGETSI

Apa mpamene kudziwa zinthu kupulumutsa moyo. Cikondi cimauza kholo kuti lithamange likamukoke mwana, koma womugwira ndi manja asanduka wodwala waciwiri. Coyamba ndi kuzima swichi yaikulu kapena kuzula pulagi. Ngati zimenezi sizitheka msanga, wothandiza aime pa cinthu couma, monga thabwa louma, mulu wa manyuzipepala kapena mpando wapulasitiki wogonekedwa, ndipo akankhe waya kapena dzanja la wogwidwayo ndi ndodo youma kapena mpini wouma wa tsace. Asagwiritse nchito citsulo, nsalu yonyowa kapena nthambi yongothyola kumene. Asathire madzi.

Ngati ndi nthambo ya pa polo imene yagwa, ndodo siithandiza. Nthaka yozungulira nayo ikhala ndi moto. Anthu onse ataime patali mamita 10 kapena kuposa, ana ndi ziweto aziletse kuyandikira, ndipo a ZESCO ndi apolisi auzidwe msanga.

Magetsi akazima, thupi la wovulala silisunga moto, ndipo n'kosaopsa kumugwira. N'cimodzimodzi ndi munthu amene wamenyedwa ndi mphenzi. Ngati sakupuma, agonekedwe cagada pamalo olimba, ndipo wothandiza asindikize pakati pa cifuwa ndi manja awiri, mwamphamvu ndi mofulumira, ka 100 kufika ka 120 pa mphindi imodzi. Wophunzitsidwa angamuuzire mpweya m'kamwa kawiri akasindikiza ka 30. Asaleke kufikira wodwala ayamba kupuma kapena a cipatala afika. Ngati apuma koma wakomoka, agonekedwe cam'mbali, ndipo asamwetsedwe mkaka, madzi kapena ciriconse. Pamene papsa pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, ndi kuphimba ndi nsalu yoyera. Mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, dzira ndi dothi zisapakidwe pa cironda.

Aliyense amene wagwidwa ndi magetsi nakomoka, napsa, namva kuwawa pa cifuwa kapena mtima kuthamanga, apite naye ku kiliniki yapafupi kapena ku Chama District Hospital tsiku lomwelo. Mwana ndi mai wapakati apimidwe ngakhale aoneke bwino. Cironda ca magetsi cinyenga: pa khungu paoneka kadontho, koma m'kati nyama yapsa motsatira njira imene magetsi anapyola.

UDINDO NDI WA ONSE

Nthambo zafika msanga kuposa maphunziro ake, ndipo mpata umenewu uyenera kutsekedwa. Anamwino ndi othandiza za umoyo m'midzi, amene aphunzitsa amai za katemera, maneti a udzudzu ndi madzi a mcere ndi shuga pa tsiku la sikelo, angawonjezere mphindi zisanu za magetsi ndi madzi. Aphunzitsi asalekere pa magulu awiri a pa bolodi, koma afunse ana kuti mtengo ukanyowa upita gulu liti. A ZESCO ndi a Rural Electrification Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003 kuti lifikitse magetsi kumidzi, angacite bwino kusiya kapepala ka m'Cinyanja, m'Citumbuka ndi m'Cisenga pa nyumba iriyonse yolumikizidwa kumene. Mafumu, makhansala ndi atsogoleri a machalichi ali ndi misonkhano imene uthenga ungapitire. Eni nyumba za lendi aike earth ndi swichi ya earth leakage asanalandire ndalama ya mwezi woyamba, pakuti m'nyumba zimenezo mugona ana a anthu.

Koma nchito yoyamba ndi ya banja lenileni. Mvula isanagwe caka cino, bambo ndi mai a nyumba azime swichi yaikulu, ayende ndi ana ao kuzungulira nyumba, aone pamene nthambo ikhudza lata, pamene pulasitiki yang'aluka, pamene madzi adontha pafupi ndi soketi, ndi kumene waya wa zovala unamangidwa. Zimene apeza, aitanire munthu wophunzira nchito ya magetsi. Kupewa kuposa kuciza, ndipo pa nkhani ya magetsi nthawi zambiri mpata wociza supezeka.